Dzina la Mdzukulu wa a Dobrivoje

A Dobrivoje sankadziwa kukhala pampando. Ine ndawiritsa khofi m'nyumba ya khonsolo ya tauni yathu kuyambira ndili mtsikana mpaka lero mawondo ayamba kulira pamasitepe. Ndaona makhansala ogona, olongolola, ngakhale obwera atalawa kale kachasu wa mapulamu m'mawa, koma wosakhazikika ngati iwowa sindinamuonepo. Msonkhano ukangoyamba, mwendo wawo unkayamba kugwedera pansi pa tebulo, makapu anga n'kumalira m'timbale take. Wapampando akamawerenga za ngalande ndi magetsi amumsewu, iwo maso ali pawindo, kuyang'ana matayala a magalimoto odutsa.

Ntchito yawo ndi yomata matayala. Kagalaja kawo kali pamsewu wopita ku Belgrade, kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndipo kumeneko amakhala munthu wina. Amagwada, amadzuka, amagubuduza tayala, amalimiza m'madzi kufuna pamene pakutuluka mpweya, tsiku lonse osakhala pansi. Ngakhale chakudya chamasana amadya ataimirira, buledi ndi tchizi pamwamba pa mgolo. Manja awo sayera. Tsiku la msonkhano akazi awo, a Leposava, ankawasitira malaya oyera, koma m'zikhadabo munkakhalabe mwakuda, ndiye ankabisa manjawo pansi pa tebulo ngati mwana amene waba shuga.

Ukhansala sanaufune. Anawalowetsa ndi a Stanimir, meya wathu, amene anali kumu wawo, ndiko kuti wochokera m'banja limene limawaimira pa ubatizo ndi pa ukwati. Ukumu wa mabanja awiriwa unali wakale kuposa nyumba ya khonsoloyi. Bambo a Stanimir ndi amene ananyamula a Dobrivoje pa ubatizo n'kuwapatsa dzina. A Stanimir nawo anaimira ukwati wa a Dobrivoje, ndipo mwana atabadwa anamunyamula kutchalitchi n'kumutcha Strahinja. Kwathu kuno m'bale wako ukhoza kukangana naye mpaka kukhoti, koma kumu sumukwezera mawu. Anthu awiriwa anakulira limodzi, koma akakumana ankapatsana ulemu ngati kuti aonana koyamba.

Chisankho china chitayandikira, a Stanimir anafika kugalaja.

"Akumu, pakusowa munthu mmodzi wokhulupirika. Muzingokhala pampando, anzathu akakweza dzanja inunso n'kukweza."

"Ine za malamulo ndikudziwapo chiyani, akumu?"

"Nanga enawo mukuti amadziwapo chiyani?"

Kwa zaka zingapo zinayenda choncho. Za galimoto yotola zinyalala, dzanja m'mwamba. Za agalu oyendayenda pamsika, dzanja m'mwamba. Za kukulitsa manda, chimodzimodzi. Dzanja lakuda lija linkatuluka pansi pa tebulo, n'kukwera, n'kubwerera msanga kumene lachokera. Pachimkuzamawu sanayankhulepo, ngakhale kuti wailesi ya m'tauni mwathu imaulutsa misonkhano yonse ndipo makhansala ena amakhosomola dala kuti akazi awo awamve kunyumba. Komabe dzanja limenelo linali lofunika kuposa pakamwa pa ena onse. Mbali ya a meya inkaposa otsutsa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo nkhani siidutsa manja akapanda kupitirira theka la makhansala onse. Mmodzi akadwala chimfine, tauni inkaima.

Kenako kunabwera nkhani ya basi yakumapiri.

Basi imeneyi inkakwera kumudzi kwawo kwa a Dobrivoje Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo inkayenda chifukwa khonsolo inkailipirira. Okwera anali okalamba ochepa, mwina ndi nkhuku mudengu. A meya anati basiyo ithe, ndalama zake zikonzere denga la sukulu yamkaka. Sindinama, dengalo linkadonthadi. Mdzukulu wanga ankaphunzira komweko, ndipo mvula ikagwa ana ankasewera pakati pa ndowa. A Stanimir sanali chigawenga, anali meya basi.

Koma kumapiriko kunali a Jelisavka, achemwali awo a Dobrivoje. Mayi awo anamwalira a Dobrivoje asanayambe sukulu, ndipo a Jelisavka, amene anali atangosinkhuka kumene, ndiwo anawalera. Ankawabereka m'chipale chofewa kupita nawo kusukulu ya mudzi wapafupi. Amuna obwera kudzafunsira ankawabweza, akuti mwana atsala ndi ndani. Pano anakalamba okha m'nyumba yamiyala, ndi mbuzi, nkhuku ndi kawailesi pawindo. Lachisanu lililonse ankatsika pa basi ndi tchizi ndi mazira, n'kugulitsa pamsika, n'kugula mankhwala a kuthamanga kwa magazi, n'kuyatsa kandulo kutchalitchi. Akamaliza ankadutsira kugalaja kukasiya chibuluma cha tchizi, kenako n'kubwerera masana. Tchizi imene a Dobrivoje ankadya ataimirira ija inali imeneyi.

Tsiku limene nkhaniyi inalowa koyamba, ndinali nditangotolera makapu. Wapampando atati tsopano tivote, ndinamva mpando ukukhwekhwereza.

"Pepani, m'mimba," anatero a Dobrivoje, n'kutuluka.

Sanapite kuchimbudzi. Anabwera m'kakhitchini kanga, kamene munthu akatembenuka amagunda sitovu, n'kutseka chitseko.

"A Smilja, ndibiseni."

"Ndikubiseni pati, m'ketulo? Bambo wamkulu ngati inu kuthawa msonkhano?"

"Ndikakweza dzanja, achemwali atsika bwanji? Ndikapanda kukweza, ndiye kuti ndatsutsa akumu pamaso pa anthu, pawailesi. Inu mukanatani?"

"Ine ndikanawiritsa khofi, n'chifukwa chake sanandisankhe. Chotsani chigongono chanucho, mundigwetsera shuga."

Anayenda m'kakhitchinimo uku ndi uku, ngakhale munalibe poyenda. Anatsegula windo, analitseka, anakonza chogwirira cha kabati chimene sindinawapemphe kuti akonze. M'chipinda chamsonkhano manja sanakwane, ndipo nkhani ya basi inakankhidwira kutsogolo. A meya anangoseka. Madzulo anatumiza dalaivala wawo kugalaja ndi paketi ya masamba a tiyi wa m'mimba, ndi uthenga woti akumu achire msanga.

Zikanatha kupitirira choncho mpaka chisankho china, chifukwa kukankhira nkhani kutsogolo ndiyo ntchito imene khonsolo yathu imaidziwa bwino. Koma mwezi womwewo mpongozi wa a Dobrivoje, Jasna, mkazi wa Strahinja, anabereka mwana wamkazi. Strahinja amayendetsa thiraki ku Jeremani. Anabwera, anamuona mwana, analira, n'kubwerera kuntchito sabata isanathe, ndipo zonse zinatsalira bambo ake.

A Dobrivoje anachita monga mwa mwambo. Anavala jekete la ukwati, ananyamula botolo la kachasu wakale, buledi wozungulira wophika a Leposava ndi apulo wofiira, n'kupita kwa akumu kukapempha dzina. Anandifotokozera okha mmene zinayendera. A Stanimir anasangalala zenizeni, mpaka misozi. Anamwa, anadya, anakumbutsana za makolo. Kenako a meya anapukuta pakamwa.

"Dzina la mwana wamkazi silithamangiridwa, akumu. Ndiliganizire. Masiku ano mutu wanga wadzaza ndi za basizi. Tikangomaliza zimenezi upepuka."

Sanawonjezere china. A Dobrivoje mpaka lero amati akumu sankatanthauza choipa. Ine ndimati ankatanthauza, ndipo zinandinyansa. Munthu ukhoza kumupanikiza ndi zambiri, koma osati ndi khanda.

Choncho mwana anakhala wopanda dzina. A Leposava ankamutcha Mlendo. Kuchipatala ankalemba kuti mwana wa Jasna. Ndipo pansi pa chipinda chathu chamsonkhano pali ofesi yolembera ana obadwa, kumene lamulo limati mwezi ukatha makolo asanapereke dzina, a boma osamalira mabanja asankha okha.

Msonkhano wachiwiri a meya anauitanitsa mwadzidzidzi. Uno a Dobrivoje anapirira mpaka wapampando atatsegula pakamwa kuti tivote. Foni yawo inalira. Anaiika kukhutu, n'kuimirira.

"Galimoto yonyamula buledi yaphulika tayala pamlatho. Yatseka msewu."

Mtsogoleri wa otsutsa, dokotala wa ziweto amene lilime lake limapweteka kuposa jakisoni wake, anayandikira chimkuzamawu.

"A wapampando, ndikupempha kuti msonkhano wamawa tiziyamba ndi lipoti la matayala onse am'tauni muno, kenako la m'mimba mwa anzathu, ndiye tizivota."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ndipo wailesi inanyamula chisekocho kupita nacho m'nyumba zonse. A meya okha sanaseke. Galimoto ya buledi inalidi pamlatho, koma tauni yonse inkadziwa kuti dalaivala wake ndi msuweni wa a Leposava. Kuyambira tsiku limenelo munthu aliyense wobwera kugalaja ankayamba wafunsa za m'mimba asanatsitse tayala.

Nyumba yanga inagundana mpanda ndi ya a Dobrivoje, choncho zambiri ndinkazimva ndisanazifune. Masana ena ndikuyanika zovala, Jasna anali pakhonde ndi apongozi ake aamuna, mwana ali paphewa. Ndi mtsikana wa mumzinda wa Niš, amagwira ntchito kosungira mankhwala, ndipo sazungulira polankhula.

"Bambo, mwana wanga si nkhani yakukhonsolo yoti izidikira msonkhano."

"Pirira pang'ono, mwana wanga. Akumu akuganiza."

"Akuganiza chiyani? Dzinalo akulisula kuchipala?"

"Mwamuna wako anamutcha ndi iwo. Ine ananditcha ndi bambo awo. Bambo anga anawatcha ndi agogo awo. Ndiye zithere pa ine?"

"Ine anandipatsa dzina ndi mayi anga, ndipo sindinafe."

"Kwanu ndi kwanu."

"Mukudziwa chimene akufuna, eti? Akufuna dzanja lanu. Azakhali a Jelisavka akhale kuphiri ngati mbuzi zawo kuti mwana wanga apeze dzina. Ndiye ndizimuitana bwanji mwanayu, ndikudziwa mtengo wake?"

A Dobrivoje anatsika pakhonde, anazungulira nyumba, anatulukira mbali ina, n'kuzunguliranso. Kenako anatenga njinga ya a Leposava, imene inalibe vuto lililonse, n'kuyamba kuimasula matayala.

Masiku amenewo anaonda. Ankafika kukhonsolo kopanda msonkhano, n'kukwera masitepe mpaka pakhomo la a meya, n'kutsika osagogoda. Ankaima paofesi yolembera ana n'kumawerenga chikwangwani cha nthawi yotsegulira ngati chasintha usiku. Kugalaja munthu wina anabwerera ndi tayala limene anali atangomata kumene, likutulukanso mpweya, chinthu chimene sichinkachitika. A Leposava anandiuza pampanda kuti bambo akumadzuka tambala asanalire, n'kukaima pa kabedi ka mwana, milomo ikugwedera ngati akufuna kumuitana.

Lachisanu ndinapita kugalaja kukapopetsa njinga yanga, ndipo ndinapeza a Jelisavka atangofika, mpango wakuda kumutu, dengu m'manja. Ndi kamunthu kakang'ono kouma, koma akalankhula a Dobrivoje amaima mowongoka ngati mwana wasukulu.

"Dobri, ndamva pawailesi kuti m'mimba mwako simuli bwino. Ndakuthyolera masamba kuphiri. Uziwiritsa m'mawa."

"Ndili bwino, achemwali."

"Uli bwino ukuoneka ngati chikwapu? Nanga mwana uja mwamutcha ndani?"

"Akumu akuganizabe."

A Jelisavka anagwedeza mutu. "Mwana wopanda dzina sagona bwino. Ngakhale pomupempherera ndikumasowa chonena. Ndikumangoti Ambuye, ka Strahinja kaja, mukukadziwa."

A Dobrivoje anapukuta manja pansanza, n'kupukutanso.

"Achemwali, bwanji mutsike mudzakhale nafe? Chipinda cha Strahinja chakale chili chabe."

"Mbuzi zanga zidzagona m'bafa mwanu?"

"Tigulitsa."

"Manda a amayi tigulitsanso? Alambule ndani? Iwe, ndi m'mimba mwakomo?" Anasiya tchizi pamgolo. "Ndapita, basi ingandisiye. Dalaivala wa masiku ano sadikira munthu."

Za voti sanatchulepo, ndipo a Dobrivoje sanafunse. Anawaperekeza ndi maso mpaka atakhota pa malo omwetsera mafuta. Njinga yanga anaipopa mpaka ndinachita kuwagwira mkono kuti chubu chingaphulike.

Msonkhano wachitatu unaikidwa kutatsala pang'ono kuti mwezi wa mwana uthe. Sindikhulupirira kuti zinangochitika. M'mawa umenewo a meya analowa okha m'kakhitchini kanga, momwe sanalowemo chikhalireni pampando, ndipo anapeza a Dobrivoje ali momwemo, akuyang'ana ketulo.

"Akumu, dzina ndalipeza."

A Dobrivoje anatembenuka. "Mwalipeza?"

"Labwino kwambiri, la mayi wolemekezeka. Tikatuluka muno tipitira limodzi kunyumba, ndikalinene mwana ali m'manja mwanga monga mmene zimakhalira. A Smilja, akumu muwapatse tiyi wa m'mimba, khofi ayi." Anamwetulira. "Ndapempha wapampando kuti lero mafoni onse azimitsidwe. Akumasokoneza wailesi."

Atatuluka ndinawayang'ana a Dobrivoje. Aliyense wowauza kuti musakweze dzanja anafunika akhale ndi dzina lina loti awapatse, ndipo ine ndinalibe.

Anayamba ndi zina. Anakangana nthawi yaitali za mtundu wa utoto wa mabenchi apapaki. Mayi wina wa otsutsa anadandaula za mtengo wogwera pa mawaya. Ine ndinkalowa ndi kutuluka ndi thireyi, ndipo ulendo uliwonse kapu ya a Dobrivoje inkalira kwambiri kuposa poyamba. Tiyi anali atatayikira m'kambale. Malaya oyera aja anali atanyowa kumsana. Basi itatchulidwa, dokotala wa ziweto analankhula za okalamba akumapiri, ndipo mwa apo ndi apo ananena zoona, ngakhale ndikudziwa kuti kumapiriko amangopitako ng'ombe ikadwala. A meya analankhula za ana ndi ndowa, nawonso ananena zoona.

"Tivote," anatero wapampando. "Ovomereza."

Ndinaima pakhomo ndi thireyi. Manja a mbali ya a meya anakwera, ndipo mitu yonse inatembenukira malo amodzi. Wina kumbali ya otsutsa ananong'ona mokweza kuti mutseguliretu chitseko. A Dobrivoje anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati akufuna kudzuka. Mwendo unasiya kugwedera. Anayang'ana chitseko, anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana akumu awo, amene sankawayang'ana n'komwe, ankangosanja mapepala. Dzanja linatuluka pansi pa tebulo n'kukwera mpaka pakhutu.

"A Dobrivoje, mukuvomereza kapena mukukanda khutu?" anafunsa wapampando.

Analikweza lonse. Wapampando anawerenga, n'kulengeza kuti nkhani yadutsa, basi yakumapiri isiya kuyenda mwezi ukubwerawu. Anapitirira ku nkhani ya zikwangwani zamumsewu, koma dzanja lija linali likadali m'mwamba mpaka woyandikana nawo anachita kulikokera pansi.

Msonkhano utatha anatsika masitepe limodzi ndi a meya, amene anawakoleka dzanja paphewa. Ine ndinali pambuyo pawo ndi makapu. Titafika pansi, chitseko cha ofesi yolembera ana chinatseguka, ndipo Jasna anatuluka chobwerera m'mbuyo, akukoka kangolo ka mwana. Tsitsi linali losapesa, nkhope ili thukuta. Atawaona apongozi ake anawathamangira.

"Bambo, foni yanu bwanji? Ndakuimbirani mpaka chala kuwawa. Musavote. Zatha, mwamasuka. Ndafika kuno asanatsegule kuti ndikuuzeni musanalowe, koma kompyuta yawo inafa, yangodzuka kumene. Pamwamba mlonda anandikaniza, akuti msonkhano uli mkati."

"Zatha zitani?"

"Ndamulembetsa. Strahinja ndalankhula naye, wavomera. Palibenso amene angakugwireni pakhosi ndi mwana wanga. Dzina lake ndi Dunja."

Kenako anaona dzanja la a meya paphewa paja, anaona makhansala akutsika, ena akuyatsa fodya, ndipo anazindikira. Anagwira pakamwa.

Makhansala anadutsa m'mbali mwathu akuyang'ana pansi, ngakhalenso dokotala wa ziweto. A meya anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Anawerama n'kusuzumira m'kangolo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wapwetekedwadi, chifukwa nawonso mwambo umenewu anabadwira momwemo. Anaweramuka n'kukonza jekete.

"Akule bwino mwanayu. Dobrivoje, ukapereke moni kunyumba."

Zaka zonse zimene ndagwira ntchito muno sindinawamvepo akuwatchula dzina, kapena kuwauza kuti iwe. Anakwera masitepe kubwerera kuofesi kwawo osacheuka.

Jasna anayamba kulira. A Dobrivoje anamusisita pamutu ndi dzanja lomwe lija, n'kumuuza kuti apite kunyumba mwana angazizidwe. Sanamukalipire, ndipo sanamukalipirepo mpaka lero. Ine ndinawagwira mkono n'kukwera nawo kukakhitchini kanga, chifukwa sindinkafuna kuti anthu aziwaonerera pakhonde. Ndinaika ketulo pamoto. Iwo anatulutsa foni m'thumba n'kuiyatsa, mwina pofuna kuona kuti Jasna anaimbadi. Isanathe n'kuyaka komwe inalira. Mawu a a Jelisavka ndi akuthwa, ndipo m'kachipinda kameneko ndinamva chilichonse.

"Dobri, ndamva pawailesi."

"Achemwali, ine..."

"Khala chete, ndilankhule ine. Wachita bwino. Ukanathawanso ndikanatsika ndekha kudzakukoka khutu. Ukuganiza kuti sindinkadziwa chimene chinkakupweteka m'mimba? Ine ndakalamba, miyendo ndili nayo, nyengo yotentha ndizitsika pang'onopang'ono. Yozizira tidzaona. Koma mwana sangakule wopanda kumu, amayi akanatembenuka m'manda. Tsopano ndiuze, akumu amutcha ndani? Ndikufuna ndikamutchule poyatsa kandulo."

A Dobrivoje anatsamira khoma. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana ketulo.

"Dunja," anatero.

"Dunja." A Jelisavka analitchula pang'onopang'ono, kawiri. "Ndi lokoma. Ukawathokoze m'malo mwanga. Akumu athu amadziwa kusankha."

"Eya, achemwali," anatero a Dobrivoje. "Amadziwa."